Tikuwadula miyendo tokha agogo ndi "khalani pansi"

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanu ndiyankhuleko za kugwa kwa anthu okalamba, chifukwa kwathu kuno ku Nkhotakota nkhaniyi yandipeza pakhomo penipeni ndipo zomwe ndaphunzirapo ndikazisunga ndekha ndilakwa. Ine si dokotala ayi, geni yanga ndi yopikula ndi kugulitsa mpunga basi, nde odziwa zambiri andikonze pomwe ndaphonya.

Mayi anga ali ndi zaka 79. Chaka chatha mu July, nthawi ya mwera ija kunja kukuzizira, anadzuka cha m'ma 3 koloko usiku kuti apite kuchimbudzi. Tochi inali itatha moto, mdzukulu amene amagona naye sanafune kumudzutsa, anangopisa mapazi m'mapatapata, lina linali loduka lomangirira ndi kawaya kunsi, nkutsegula chitseko. Pa chiundo pomwepo patapata lija linakola, iwo pansi khu! Anatchinjiriza ndi dzanja, mkono nkuthyoka pomwe timavala wotchi paja. Anakhala panja pompo mpaka m'bandakucha osakuwa olo kamodzi, amene anawapeza ndi mwana wanga akupita kukatunga madzi ku mjigo. Tili pa kabaza kupita kuchipatala ndinawafunsa kuti amayi, bwanji simunaitane, nyumba yathu si iyi pafupi pomwepa? Anandiyang'ana nkuti, "Iwe, nkhalamba ikapezeka panja usiku ili gone anthu amati chani? Amati yagwa pa lichero."

Mau amenewo amandilasabe mpaka lero. Tonse tikudziwa zochitika m'midzimu, gogo akapezeka m'mawa ali pansi kuseri kwa nyumba, chitenje chitamasuka, akulephera kufotokoza bwinobwino chifukwa cha kuzizidwa ndi ululu, m'malo moti anthu athamangire thiransipoti amayamba kaye kufunsana kuti kodi amachokera kuti usiku wonsewu. Ena aphedwa chifukwa cha zomwezi, timawerenga mu nyuzi yanu yomweyi, chonsecho lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911 ndipo mu 2024 aphungu anadutsitsanso lamulo loteteza anthu achikulire. Nde agogo ambiri akagwa amabisa. Amadzuka mwakachetechete, mawa lake nkumati bondo langoyamba lokha kupweteka.

Koma chomwe ndalembera kalatayi kwenikweni ndi zomwe tinachita ifeyo ana awo titabwerako kuchipatala ndi pulasitala, chifukwa pamenepo mpomwe panali kulakwa kwakukulu, ndipo tinalakwa uku tikuona ngati tikuonetsa chikondi. Tinakhala pansi pa banja, achimwene akuimba pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg, chigamulo nkukhala chakuti amayi asagwirenso ntchito ina iliyonse. Tsache tinalanda. Lichero tinalanda. Kunyanja kokaviika chinangwa cha kondowole ayi, kudimba ayi, kutchalitchi tinkawatengera kabaza pamtunda woti kale ankayenda uku akucheza ndi anzawo. Akangoti adzuke kukatenga kapu ya madzi, ana atatu nthawi imodzi, "agogo khalani pansi, tikutengerani!" Ineyo ndinkachita kuwakalipira ana ndikapeza agogo awo aimirira. Anthu odutsa ankatiyamikira kuti koma banja ili limasamala kholo.

Pulasitala anachotsa patatha masabata 6, mkono unapola bwinobwino. Koma pofika October miyendo inali itatha. Ntchafu zinafota, misongolo ngati ya kakowa, kuti adzuke pa mphasa mpaka anthu awiri awakoke mikono, poyenda akugwira khoma uku akukhwekhwereza mapazi pansi. Munthu amene mu June ankasenza mtolo wa nkhuni! Ndipo mantha anawalowa, chiundo chija ankachita kuima kaye nkuchiyang'ana ngati mtsinje wa Bua utadzaza. Ife tinkangoti ukalamba wafika basi, tizitani. Mu November anatererekanso ku bafa, mwayi mdzukulu anali pafupi anawawakha.

Tsiku lomwe tinapita kukatenga mankhwala awo a BP ndinamufotokozera adokotala za ku bafazi, iwo anatitumiza ku chipinda cha mafizo. Tinapezako mnyamata wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anawakhazika amayi pa mpando nkuti agogo, pindani manja pachifuwa, tsopano imirirani. Analephera, olo kamodzi. Kenaka anayeza mamita 3 pansi, anati dzukani mmene mungathere, mukafike apo, mutembenuke, mubwerere mudzakhale, iye akuwerenga nthawi pa foni. Amayi anatha masekondi oposa 20, iye nkutiuza kuti munthu akafika masekondi 12 kapena kuposa ndiye kuti ali pachiopsezo chogwa. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Mayi, anawaletsa ntchito agogowa ndani?"

Ine monyadira ndithu ndinati ndife ana awo.

"Ndiye miyendoyi mwawadula ndinu."

Zinandiwawa, ndisaname, ndinafuna nditamuyankha zoti ife tawononga ndalama zingati pa mayi athu. Koma anafotokoza modekha, kuti mnofu ukakhala osagwira ntchito umafota, ndipo kwa munthu wamkulu umafota msanga kusiyana ndi wachinyamata, kuti ubwerere ndiye umachedwa. Anatinso kuima osadzandira, balansi ija, ndi chinthu chomwe thupi limaiwala ukasiya kuchigwiritsa ntchito, maso, mkati mwa makutu ndi mapazi zimayenera kumamvana tsiku ndi tsiku. Ndiye munthu akagwa kamodzi amachita mantha, akachita mantha amasiya kuyenda, akasiya kuyenda miyendo imafooka, ikafooka amagwanso, ulendo uno moipa kuposa poyamba. Ife tinangothandizira kuti gudumu limeneli lizungulire mwachangu.

Titafika kunyumba mwana wanga wa ku sekondale anafufuza pa intaneti nkumandiwerengera. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chogwa, pa imfa za ngozi kugwa ndi nambala 2 kutsatira ngozi zapamsewu, oposa 80 mwa 100 alionse mwa anthu amenewa ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ngati lathu lino, ndipo ochuluka ndi opitirira zaka 60. Mwa anthu a zaka 65 kupita mtsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwa chaka chisanathe. Tangowerengani nkhalamba zomwe mumakhala nazo benchi imodzi kutchalitchi kapena mzere umodzi ku mzikiti. Za ngozi za pa M5 timakamba tsiku lililonse, za pa chiundo ndi ku bafa zii.

Mafizo amene mnyamata uja anatilembera pa kapepala anati maziko ake ndi pulogalamu ina yotchedwa Otago, inapangidwa ku University of Otago ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990, akuluakulu ake anali John Campbell ndi Clare Robertson. Anaiyesa pa nkhalamba zokhala m'makomo mwawo, osati kuchipatala, nkupeza kuti kugwa kunachepa ndi pafupifupi 35 pa 100, ndipo amene anapindula kwambiri ndi opitirira zaka 80, omwe ife kuno timati atha ntchito aja. Ndondomeko yake ndi yoti mafizo olimbitsa miyendo ndi a balansi katatu pa sabata, mphindi ngati 30, kuphatikizapo kuyenda kosachepera kawiri pa sabata. Palibe makina, palibe jimu. Ife tagwiritsa ntchito mpando, nsanamira ya pakhonde ndi sokosi yakale.

Koma kuti amayi avomere inali nkhondo. "Ine ndapalira mpunga m'matope zaka 60, ndabereka ana 8, lero kamwana kaja kandiphunzitse kuimirira? Anthu akandiona ndikupanga piyi pakhonde ati ndapenga." Sabata yoyamba ankanamizira mutu, yachiwiri ankati ali ndi alendo. Chinatithandiza ndi chioda. Amayi nthawi ya Kamuzu anali katswiri wovina chioda, nde tsiku lina mdzukulu wawo wa sitandade 5 anayamba kuimba nyimbo ya chioda molakwitsa dala uku akukhala ndi kuimirira pa mpando motsatira nyimboyo, agogo osapirira, "iwe siimbidwa choncho imeneyo, choka apo." Basi kuyambira pomwepo mafizo amachitika ndi nyimbo, wowerengera ndi mdzukulu yemweyo, ine ndikangolowererapo zimasokonekera.

Chachikulu pa zonse ndi cha mpando chija. Mpando ukhale wathabwa wolimba, osati apulasitiki a pa maliro aja amene miyendo yake imatagadza, ndipo muutsamiritse kukhoma kuti usathawe. Munthu akhale chakutsogolo kwa mpando, mapazi awabweze m'mbuyo pang'ono kunsi kwa mawondo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala zakumiyendo, kenaka adzuke. Pokhala asadzigwetse ngati thumba la chimanga, atsike pang'onopang'ono, ndipo kutsikako nkomwe kumawawitsa ntchafu. Amayi anayamba ndi katatu kokha akukankha ndi manja onse awiri. Patapita masabata angapo dzanja limodzi. Mu February ndili mkati moyeza mpunga ndinangomva mwana akukuwa kuti amayi bwerani mudzaone, ndikupeza agogo manja ali pachifuwa, aimirira okha, nkhope ili ngati palibe chachilendo chachitika. Pano amafika ka 10, kupuma, nkubwerezanso.

Za pa nsanamira ndi zosavuta. Amagwira nsanamira nkukweza zidendene kuimira zala, kutsika, ka 10, kenaka kukweza zala kuimira zidendene, zimenezi zimalimbitsa akatumba ndi akakolo kuti phazi lizinyamuka bwino poyenda, lisamakole pa kamwala kalikonse. Kenaka kuima ndi mwendo umodzi akuwerenga mpaka 10, kusintha mwendo. Poyamba ankaikumbatira nsanamirayo ndi manja onse, kenaka dzanja limodzi, pano zala ziwiri zokha, ndipo mnyamata wa mafizo uja ananenetsa kuti mfundo yagona pamenepo, zikayamba kuphweka muzichepetsa pogwira, apo ayi thupi silikuphunziranso kanthu. M'mbali mwa khoma tinalemba mzere ndi kamtengo, amayenda pamzerepo chidendene chikugunda chala cha phazi linalo, dzanja lili pafupi ndi khoma. Palinso kuyenda cham'mbali, ana amati agogo akupanga nkhanu, ndi kuyenda chafutambuyo masitepe ochepa, imeneyi pokhapokha wina ali pambali pawo. Sokosi ija tinaithira mchenga wa kunyanja pafupifupi theka la kilo, pa sikelo yanga ya mpunga yomweyo, timaimangirira pa kakolo ndi kansalu, iwo ali pa mpando nkumawongola bondo ndi kulibweza pang'onopang'ono. Imeneyi amadana nayo mpaka lero.

China chomwe sindinachiganizirepo m'moyo mwanga ndi kuphunzira kudzuka ukagwa. Usiku uja amayi anakhala pansi maola angapo osati chifukwa cha manyazi okha, komanso njira yodzukira ndi mkono umodzi inawasowa. Tinaphunzitsidwa kuti ukagwa usathamangire kudzuka, yamba wamvetsera ngati pena pathyoka. Ngati ayi, tembenukira cham'mbali, gwada, kwawa mpaka pa chinthu cholimba ngati mpando kapena bedi, gwira, ponda phazi limodzi kutsogolo, kankha nkukhala pampandopo kaye mpaka mutu ukhazikike. Timayeserera pa mphasa kamodzikamodzi. Ngati m'chiuno mukupweteka kwambiri kapena mwendo ukuoneka waufupi kapena wotembenukira kunja, musamukoke munthuyo kuti aimirire, mufunditseni nkupeza thandizo.

Ndichenjezeko apa anthu asanathamangire kukawadzutsa agogo awo mawa m'mawa. Amene anathyoka posachedwa, anachita sitiroko, kapena ali ndi vuto la mtima, ayambe kaye afunsa kuchipatala. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, asiye pomwepo. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira nkwabwinobwino, koma kubaya m'bondo kapena m'chiuno ayi. Ndipo kuno kunyanja dzuwa la October mukulidziwa, ife timapanga m'mawa akamwa phala, kapena madzulo kukazizira, pa simenti kapena dothi louma, ali chosavala kumapazi kapena atavala nsapato yogwira chidendene, patapata ayi. Komanso musayembekeze zodabwitsa sabata imodzi, kwa ife kusintha kooneka kunatenga miyezi ngati itatu, ndipo atadwala malungo mu April nkusiya masabata atatu tinabwerera m'mbuyo ndithu. Sikuti amene akupanga mafizo sangagwe, angathe kugwa, koma mpata wake umachepa.

Mafizo paokha sakwanira ngati pakhomo pali misampha. Chiundo chija tinachigumula nkusalaza. Ku bafa tinapala ndere yonse, tinazika mtengo wogwira ndi kuikamo kabenchi koti azisamba atakhala. Kuchimbudzi nako tinazika mtengo pambali pa dzenje, chifukwa kunyonyomala nkudzukanso kwa munthu wa zaka 79 si masewera, ndipo nkhalamba zambiri sizingakuuzeni kuti zimavutika kumeneko. Kasola kakang'ono kamagona kumutu kwa bedi, usiku ali ndi chitini m'nyumba, ananyinyirika koma anazolowera. Zingwe za mbuzi ndi mipini ya makasu pabwalo ana akudziwa kuti ndikazipeza pali mlandu.

Mankhwala a BP nawo tinawatchula kwa adokotala chifukwa amayi ankati akadzuka mwadzidzidzi m'maso mumada, anawaunikanso nkutilangiza kuti akadzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi pang'ono asanaimirire. Musawasiyitse mankhwala nokha chonde, kafunseni. Tinatulukiranso kuti ankadzimana madzi masana onse poopa kutuluka usiku, zomwe zimangowonjezera chizungulire. Amene ali ndi shuga aonetse mapazi, dzanzi limachititsa kuti munthu asamve pomwe waponda. Ndipo maso, ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, ku Nkhoma ndi ku Kamuzu Central amapanga, koma m'mudzi timangoti agogo maso anatha basi.

Chimene chimandiopsa ine ndi fupa la m'chiuno. Azakhali a amuna anga ku Salima anagwa pa khonde lawo lomwe akuthamangitsa nkhuku, fupa linathyoka pomwe ntchafu imalumikizana ndi chiuno. Anakhala m'wodi masabata ambirimbiri mwendo uli chokokedwa ndi cholemera, mwana wawo wamkazi anasiya geni yake ya usipa nkukhala gadiyani, mpamba wonse unathera pomwepo. Anatuluka ali ndi zilonda kumsana, sanayendenso, chaka chisanathe chibayo chinawatenga. Ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, nzabwino kuti tili nacho, koma kuchokera kuno ndi makilomita pafupifupi 200, werengerani thiransipoti ya wodwala woti sangakhale tsonga mu minibasi, ya gadiyani, chakudya, munda wosiyidwa. Ndikaika zimenezo mbali imodzi, mbali inayi mpando ndi sokosi ya mchenga, ndimadabwa kuti nchifukwa chani nkhaniyi sitiimva paliponse.

Anthu a mafizo ndi ochepa m'dziko muno, sangafike mudzi uliwonse, zimenezo ndikumvetsa. Koma ku New Zealand komweko anaonetsa kuti manesi ophunzitsidwa bwino amatha kuiyendetsa pulogalamuyi m'makomo. Nanga ife tili ndi alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi pa nkhani za sikelo ya ana, katemera ndi zimbudzi, chingavute nchani a Unduna wa Zaumoyo kuwaphunzitsa mafizo ochepa okhawa, kuti akafika pakhomo poyeza mwana awakhazikenso agogo pa mpando nkuona ngati angadzuke? Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo nkhalamba zimakhala pansi pa mtengo maola ambiri zikudikira, mphindi 15 zokha pamenepo munthu angaphunzitse gulu lonse. Amayi a Mvano, a Mothers' Union, a Dorika, amayi a dawa ku mzikiti, nonse mumayendera okalamba ndi sopo ndi shuga, zikomo kwambiri, koma mukafika musamangowasesera pabwalo iwo ali khale, agwireni dzanja muzungulire nawo nyumba kawiri. A Nkhotakota Community Radio, kapulogalamu ka m'mawa kowerengera agogo kukhala ndi kuimirira ndi nyimbo za chioda kapena malipenga anthu angakakonde ndithu. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za anthu achikulire, nanunso, pa 1 October tsiku la anthu achikulire, pambali pa zoyankhula ndi mabulangete onetsaniko zimenezi anthu aone ndi maso.

Ndipo anzanga amene muli m'tauni kapena kunja nkumatumiza ndalama pa foni ndi lamulo lakuti amayi asagwire kanthu, achimwene anga ndawauza kale ndipo tinakanganapo, ndikuuzani inunso. Katundu wolemera, kukwera pa mpando kukatsitsa zinthu, kupita kunyanja okha kuli mafunde, zimenezo aletseni. Koma kusesa, kupeta, kutsuka mbale, kuyenda kupita kwa anzawo, asiyeni. Kungoti ntchito zapakhomo ndi kuyenda pazokha sizilowa m'malo mwa mafizo a balansi aja, zimayendera limodzi.

Lichero tinawabwezera mu May. Lamlungu lapitali anakana kabaza, anayenda wapansi kupita kutchalitchi ndi ndodo yawo, mdzukulu ali pambali, pobwera anaima pa msika nkukangana ndi mnyamata wogulitsa chambo mpaka anawachotsera mtengo. Chiundo kulibenso koma amaimabe kaye pakhomo paja asanatuluke, mantha sanatheretu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti mupeze munthu wa mafizo akujambulireni zithunzi za mafizo amenewa, mudzazisindikize pa tsamba limodzi ndi mau ochepa a Chichewa. Zithunzizo zikhale zikuluzikulu, chifukwa amayi sawerenga ndipo kapepala kathu kaja kanang'ambika kale, ndikufuna ndidzadule tsambalo ndimate pakhoma pafupi ndi nsanamira.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa geni ya mpunga,
Linga, Nkhotakota